Ubwino wa demokalase uli pochotsa mtsogoleri mwamtendere

Achimwene, demokalase sikulonjezani mtsogoleri wabwino monga mukuyembekezera. Chimene imakupatsani ndi njira yochotsera amene walephera popanda kukhetsa mwazi, ndipo kwa ine mphamvu yake yagona pamenepo. Ndinaima pamzere pa 14 June 1993 pamene tinkasankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, ndipo ulamuliro wa chipani chimodzi umene tinkaopa ngakhale kuutchula unagwa ndi kapepala koponya m'bokosi.

Choopsa chake n'chakuti anthu ochuluka nawonso amalakwa. Ku Athens, mzinda wa ku Greece kumene demokalase inatchuka, khamu la oweruza linavota kuti Socrates, mphunzitsi wa nzeru zakuya, aphedwe m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe, ndipo wophunzira wake Plato sanaukhulupirirenso ulamuliro wa anthu ambiri. Kwathu kuno ndaona ndi maso anga mavoti akugulidwa ndi chitenje ndi paketi ya shuga, makamaka nthawi ya njala. N'chifukwa chake makhothi oima paokha ndi ofunika, monga tinaonera pa 3 February 2020 pamene khothi linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019.

Ngati muli ndi dandaulo lenileni lokhudza chisankho m'dera lanu, kaonaneni ndi loya msanga, chifukwa malamulo amaika malire a masiku okasumira.