Pitani achimwene, koma mukaime poti muzimuona wang'oma

Achimwene a ku Nchalo, mwati mu June mukupita ku Johannesburg kukaona alongo anu, ndipo sabata yomweyo kukuimba bandi ya progressive metal, nyimbo za rock za magitala aukali ndi kagundidwe kosinthasintha. Funso lanu ndi lakuti mugule tikiti kapena kudzakhala kungotaya ma rand, poti nyimbozi mumangozimvera pa foni. Ine ndikuti gulani. Pamwambapa ena ayankha kale kuti ndi phokoso chabe, koma ine ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Ndinakulira ku Bangula. Tili ana, kukakhala chisangalalo tinkadzipanikiza kutsogolo kuti tione oimba ulimba: amuna atatu pa chida chimodzi, aliyense akumenya zake, zikho zapansi zija zikulira, koma khutu likumva nyimbo imodzi. Likhuba nalonso chimodzimodzi, munthu mmodzi ng'oma ndandanda, manja osaoneka bwino. Usiku umene mlamu wanga ananditengera kukaonera bandi yamtunduwu ku Joni, ndinkaganiza kuti ndikupita kuchilendo. Nyimbo yachiwiri isanathe ndinapezeka kuti ndakumbuka kwathu.

Ndinaima chakumbali, pamene ndinkamuona bwino wang'oma. Mapazi ake onse awiri anali pa ng'oma yaikulu yapansi ija, akupalasa ngati ali pa njinga. Dzanja lamanja linkagunda chitsulo mowerenga zinayi zinayi, osasuntha, pamene magitala ankazungulira pa 7. Ankasiyana, nkusiyana, mpaka iwe kuyamba kuda nkhawa kuti asokonezana, kenaka pa kugunda kwa 28 onse nkugwera pamodzi, gwa! Holo yonse inakuwa. Thupi langa linachita tsembwe. Pa foni zimenezi zimangomveka ngati chipwirikiti chifukwa suona amene wagwira nsanamira ya nyimbo. Ukamuona, zonse zimamasuka. Mukasochera, werengani chamumtima: 1-2, 1-2, 1-2-3, mudzaipeza.

Dziwaninso kuti nyimbo zake ndi zazitali, mphindi 10 kapena 15, zina kupitirira 20, ndipo sizikhala zaukali ponseponse. Pali pena pamene amatsitsa mpaka kungotsala kiyibodi ndi mawu a munthu mmodzi, anthu onse zii. Magitala ena amakhala a nsambo 7 kapena 8 m'malo mwa 6, ndiye kulira kwake kumakugunda pachifuwa. Anthuwa amachita kuzikhalira pansi nyimbozi. Dream Theater, imodzi mwa mabandi amene anatchukitsa mtunduwu, inayambitsidwa mu 1985 ndi anyamata ophunzira pa Berklee College of Music ku Boston.

Tsono chinthu chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: tetezani makutu. Ine ndinalowa opanda kanthu, ndipo masiku awiri makutu ankangolira ngati muli nyenje. Ndinachita mantha kwambiri. Phokoso la m'malo otere limafika pa ma decibel 100 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo pa mlingo umenewo akatswiri amati mphindi 15 zokha ndi zokwanira kuyamba kuwononga khutu. Gulani ma earplug, totsekera m'makutu, ku famase iliyonse, ndi otchipa, ndipo nyimbo mudzaimvabe bwinobwino.

Kutsogolo chapakati anyamata amakankhana ndi kugundana mapewa, amati mosh pit. Si ndewu. Ndinaona mmodzi atagwa, manja anayi nthawi yomweyo kumudzutsa, wina nkumutolera magalasi. Ngati simukufuna, ingoimani m'mbali kapena pafupi ndi tebulo la wosakaniza mawu, pamenenso ndi pomwe zimamveka bwino koposa. Palibe amene anandiyang'ana moipa ngakhale ndinali nditavala malaya a kolala pakati pa anthu a masikipa akuda.

Za kuzizira musazitenge mopepuka. Ife a kuchigwa tinazolowera kugona pakhonde chifukwa cha kutentha, koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku wa June kumagwa chisanu chenicheni. Mkati mudzatuluka thukuta, mukangotuluka panja mano gwedegwede. Tengani jekete yokhuthala.

Tikiti gulani pa intaneti kumalo ovomerezeka monga Computicket kapena Webtickets, osati kwa munthu wa pa Facebook. Nthawi yolembedwa pa tikiti nthawi zambiri ndi yotsegulira zitseko, ndipo pamayamba bandi ina yaing'ono, choncho zimatha usiku kwambiri. Gautrain, sitima yapamtunda yothamanga ya kumeneko, imakhala itaweruka kale. Konzeranitu Uber kapena Bolt, matakisi oitanitsa pa foni, foni ikhale ndi moto, ndipo galimoto muidikirire mkati mwa geti, osati pamsewu. Ngati mukuyenda pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, musafike tsiku lomwelo la zoimbazo, poti pa boda sipadziwika kuti mutha maola angati. Fikani kudakali masiku awiri, mupume, alongo anu akuonetseni njira masana.

Mukabwera mudzatiuze m'gulu muno ngati simunamve ulimba mkati mwa magitala aja.