Kodi n'koopsa kudikira m'galimoto yoima AC ili yoyatsa?

Funso: Akonzi, masana aliwonse ndimadikira ana anga pa geti la sukulu. M'mwezi wa October kukatentha ndimatseka mawindo n'kusiya injini ikulira kuti AC iziziziritsa, ndipo nthawi zina tulo timandiba. Kodi pali choopsa? Ndine bambo wa ku Highfield.

Yankho: Bambo, kudikira kwa mphindi zochepa pamtetete, m'galimoto yosamalidwa bwino, si koopsa kwenikweni, koma tuloto ndi timene tikukuletsani. AC payokha situlutsa poizoni. Choopsa chili mu utsi wa injini, umene uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wopanda fungo. Mpweyawu umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa oxygen nthawi zoposa 200, motero ubongo ndi mtima zimayamba kuperewera mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, koma amene ali m'tulo samva zonsezi, ndipo akhoza kukomoka osadzukanso.

Galimoto ikamayenda utsi umatsalira m'mbuyo, koma ikaima umaunjikana pansi pake, ndipo ngati paipi ya utsi yaboola kapena mphira wa m'zitseko ndi wa buti watha, umalowa m'kati. Apa ndi pamene ife a mu Harare tiyenera kusamala kwambiri, chifukwa galimoto zathu zambiri ndi zakale zochokera ku Japan, ndipo maenje a m'misewu amagunda mapaipi amenewa tsiku ndi tsiku. Batani lozunguliza mpweya wa m'kati silitseka mipata yonse, choncho musalidalire. Pitani kwa makaniko akaione kunsi, makamaka ngati kulira kwa injini kwasintha.

M'galaja musasiye injini ikulira ngakhale chitseko chili chotsegula, ndiponso musaime mutayandikiza kumbuyo kwa galimoto ku khoma. Pewaninso udzu wouma wa chilimwe, popeza paipi yotentha ikhoza kuuyatsa. Za mafuta ongopsa pachabe, thumba lanu lakuuzani kale.

Ana musawasiye okha m'galimoto podalira AC, chifukwa injini ikazima kutentha kumakwera mofulumira. Ngati mudikira nthawi yaitali, imani pamthunzi, zimitsani injini, tsitsani mawindo. Wina akayamba kumva mutu kapena chizungulire, mutulutseni msanga kunja n'kuthamangira naye kuchipatala, ndipo mukawauze madokotala kuti anali m'galimoto injini ikulira.