Mwala wa yureniyamu umene umasungunuka m'madzi

Bambo wina wa ku Karonga wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti ku America apeza "mwala watsopano wa yureniyamu", ndiye akufunsa kuti ndi wotani, komanso ngati ndi wamtengo wapatali kuposa wa ku mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera.

Bambo, tiyambe ndi za mtengozo: ayi, palibe amene angalemere nawo. Miyala yotereyi yapezeka ingapo m'migodi yakale ya ku San Juan County m'boma la Utah, monga leesite ndi redcanyonite, koma ine ndikambe za umodzi umene umandichititsa chidwi kwambiri, leószilárdite. Unapezeka mumgodi wa Markey ku Red Canyon, ndipo Travis Olds ndi anzake anaufotokoza m'chaka cha 2017. Dzinali analipereka pokumbukira Leó Szilárd, katswiri wobadwira ku Hungary amene mu 1933 anaganizira mmene maatomu angaswekere motsatizana n'kutulutsa mphamvu.

Mawu akuti mwala asakusokonezeni. Ndi tizidutswa tating'onoting'ono tosongoka ngati timipeni, tachikasu chotuwira, tosafika ngakhale milimita imodzi. Popanda maikulosikopu simungaone bwino. Timawala ngati galasi ndipo kuwala kumadutsa. Mukatiunika ndi nyali ya UV (ya kuwala kwa ultraviolet, kumene maso athu sakuona) mumdima timatulutsa kuwala kobiriwira. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, kulimba kwake ndi pafupifupi 2, kutanthauza kuti chikhadabo chanu chikhoza kuukanda. Mkati mwake muli yureniyamu, sodium, magnesium, carbonate (msakanizo wa kaboni ndi okosijeni, monga umene uli mu soda) ndi madzi.

Koma chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: mukauika m'madzi wamba, osatenthetsa n'komwe, umasungunuka ngati mchere. N'chifukwa chake umangopezeka kumalo ouma ngati chipululu cha Utah. Ndipo sunakhalepo kuyambira kalekale ayi. Unamera pamakoma a mgodi anthu atakumba, mpweya ndi chinyezi zitafika pa yureniyamu amene anali atatsekeredwa pansi. Yureniyamu akakumana ndi mpweya amasintha, n'kuyamba kuyenda ndi madzi mosavuta, makamaka ngati m'madzimo muli carbonate. Madziwo akauma, amasiya timiyalati.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza kwanu, bambo. Ku Karonga mvula imagwa yambiri kuposa ku Red Canyon, choncho mwala wotere sungakhalitse. Yureniyamu wosungunukayo sauma pakhoma kuti timuone. Amapita kumene madzi akupita. Funso limene ndikanakonda muzifunsa pamisonkhano ya za mgodi ndi lakuti: madzi ochokera pa milu ya zotsalira amayezedwa kangati, ndipo zotsatira zake amaziona ndani?