Funsani Wojambula: filimu ya 4x5 mu dramu yozungulira

FUNSO: Achimwene, ndili ndi kamera yakale ya filimu ya 4x5 (mainchesi 4 m'lifupi, 5 m'litali). Poyamba ndinkatsukira m'mathireyi mumdima, koma mafilimu ankakandana. Tsopano ndagula dramu yotsukiramo filimu ya Jobo 3010 kwa munthu wina. Kukandika kwatha, koma manegetivu akutuluka otuwa, ena mbali imodzi yakuda kuposa inzake. Ndikulakwitsa pati? Ndine wowerenga wanu wa ku Zomba.

YANKHO: Achimwene, dramuyo musaitaye, ndi yabwino kwambiri. Ine ndikukayikira divelopa, mankhwala otulutsa chithunzi pafilimu, amene mukuthira, kuti akuchepa.

Dramu imanyengerera munthu. Popeza imagona chammbali n'kumazungulira, mankhwala ochepa okha amanyowetsa filimu yonse, ndiye mtima umati tisunge ndalama. Komatu kunyowa kokha sikutsuka filimu. Kodak amanena kuti divelopa wawo wotchedwa Xtol, wosawonjezera madzi, akhale mamililita 100 pa filimu ya 8x10 imodzi, yomwe ndi yofanana ndi mafilimu anayi a 4x5. Dramu yanu imalowa mafilimu 10, choncho mukufunika mamililita 250 a Xtol weniweni, ndipo mukasakaniza ndi madzi theka ndi theka, zonse zikwane 500. Ineyo ndinaphunzira mowawa. Ndinajambula mayi anga atakhala pamkeka akusenda nandolo, ndinathira madzi ambiri divelopa pang'ono, ndipo nditatulutsa filimuyo n'kuiyang'ana pawindo, nsalu yawo yoyera ija inali yotuwa ngati phulusa. Mpaka lero chimandipweteka.

Za mbali imodzi kuda, onani ngati dramu yagona mowongoka. Ikangopendekeka pang'ono, mankhwala amathamangira kumodzi. Ikanipo levulo ya amisiri omanga nyumba musanayambe.

Polowetsa filimu, dramu ikhale youma gwa, apo ayi filimu imamatirira panjira. Gwirani filimu choimirira, timano todulidwa pakona ya filimuyo tikhale pamwamba kudzanja lamanja. Mbali imene yakuyang'anani ndiyo ya chithunzi, ndipo poipinda mbali imeneyo ikhale mkati, msana ndiwo ukhudze khoma.

Mankhwala akamayenda osapuma filimu imatsukika msanga. Kampani yopanga mafilimu ya Ilford imalangiza kuchotsako pafupifupi 15 peresenti pa nthawi yotsukira yolembedwa ngati simunayambe mwaviika filimuyo m'madzi. Koma inu, popeza manegetivu anu akutuwa, konzani kaye za divelopa, nthawi muione pambuyo. Yesani ndi mafilimu awiri osafunika kwenikweni.

Kutentha nakonso muzikuyeza. Filimu yakuda ndi yoyera imafuna madigiri 20, ndipo mu Okutobala madzi a pampopi amapitirira pamenepo, choncho ikani botolo la divelopa m'beseni la madzi ozizira kaye. Magetsi ozunguza dramu akathima muli pakati, musasiye. Dramuyo igubuduzeni ndi manja patebulo, uku ndi uku, mpaka nthawi ikwane.