Ndikangotseka maso ndimaona mmene anafera

Mayi wina wanditumizira imelo. Mlongo wake anaphedwa ndi achiwembu miyezi inayi yapitayo. Mayiyu kunalibe, koma akangoti agone amaona zonse: mmene anagwera, magazi, nkhope yake. Akufunsa kuti, "Kodi mutu wanga wasokonekera?"

Pepani kwambiri, mayi. Mutu wanu uli bwinobwino.

Imfa yachiwembu imasiya mafunso opanda woyankha. Kodi anamva ululu? Anaitana ndani? Maganizo ndiye amayamba kujambula okha zimene simunaone, kutolatola pa zomwe ananena apolisi ndi zomwe munamva kwa anthu. Edward Rynearson, dokotala wa maganizo wa mumzinda wa Seattle ku America amene wathandiza mabanja oferedwa motere kwa zaka zambiri, anaona kuti zithunzizi zimavutitsa ngakhale anthu amene sanaone imfayo ndi maso.

Mwati mumalimbana nazo kuti zichoke. Apa mpamene mukudzitopetsa. Pa kafukufuku wina mu 1987, katswiri wa maganizo Daniel Wegner anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera. Chinkabwerabe m'maganizo mwawo, ndipo atawamasula anachiganiza kuposa anzawo amene sanaletsedwe. Chithunzi chanu chimachitanso chimodzimodzi. Chikabwera, musachithamangitse. Pondani pansi mwamphamvu, tulutsani mpweya pang'onopang'ono, tchulani zinthu zimene mukuona m'chipindamo, n'kudziuza kuti, "Ichi n'chithunzi, sizikuchitika pano."

Chimene chimandiwawa ine n'choti mphindi zochepa zomaliza zija zimaphimba moyo wonse wa munthu. Rynearson amalimbikitsa oferedwa kuyamba afotokoza za moyo wa malemuyo, za imfa pambuyo. Pezani munthu wodziwa kumvetsera (osati wa "limbani mtima" uja) mumuuze mmene mlongo wanu ankasekera, zimene munkakanganirana, ngakhale zimene ankakukwiyitsani nazo.

Popeza papita miyezi inayi tulo musakulipeza, kaonaneni ndi katswiri wa maganizo. Vuto lotere likapitirira mwezi limatha kukhala PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akadutsa m'zoopsa, ndipo thandizo lake lilipo. Mu 2013 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njira ziwiri zochiza pokambirana, CBT (yothandiza kusintha kaganizidwe ndi zochita) yokhudza zoopsa zimene munthu wadutsamo ndi EMDR (yokumbukira zoopsazo uku ukuyendetsa maso motsogozedwa ndi katswiri), n'kuchenjeza kuti mankhwala okhazika mtima pansi ngati diazepam asamaperekedwe mwachisawawa kwa amene angokumana ndi zoopsa. Mowa nawo umagonetsa kanthawi kochepa, kenako maloto oipa amabwerera.

Ngati maganizo ofuna kudzipha kapena kubwezera ayamba kukubwererani, musadikire mawa. Uzani wina lero, mupite naye kuchipatala.