Za app ya bajeti ija

Eee, msuweni, uthenga wako ndauona. Ndikuyankha ndi pakamwa chifukwa ndikati ndilembe zala zitopa. Wafunsa kuti app yabwino yolembera bajeti pafoni ndi iti, yaulere, yosadya bandulo. Funso laulemu ndithu, la munthu wa digiri. Koma lero ndi pa 9, ndipo iwe unalandira pa 27. Munthu amene ndalama zake zili bwino safuna app pa 9. Ndiye sabata yatha unafunsa azakhali ngati banki mkhonde yawo ikulandira anthu atsopano pakati pa chaka. Usadabwe, anandiuza. M'banja muno chinsinsi chikakhalitsa ndi mphindi khumi.

Za app ndikuuza kumapeto, ndikapanda kuiwala. Dikira kaye ndichepetse wailesi... eya.

Ndiyambe ndi amalume aang'ono. Ali m'gulu lathu la banja la pafoni muno inde, koma mawu opitirira mphindi imodzi samvera, ndiye tili pabwino. Amalume, ngati mwafika pano pepani, tikuphunzitsa mwana. Ukukumbukira chaka cha malata chija? Iwe unali Fomu 2, unkangoona akuluakulu akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe. Chimene chinachitika n'chakuti amalume anatenga K40,000 kwa munthu wa katapila paboma paja. Ayi, ndanama, anayamba ndi K25,000, kenako anawonjezera K15,000 nthawi ya maliro aja. Yonse pamodzi K40,000. Pangano linali la 50 peresenti pa mwezi, kutanthauza kuti mwezi ukatha abweze K60,000. Munthuyo anatenga khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi, monga amachitira akatapila ambiri akamakongoza anthu a pa malipiro. Tsiku lolandira iye ndiye ankalowa pa mzere wa makina, eni ndalama atakhala pa njinga yawo pansi pa mtengo, kudikira kuti awabweretsere zotsala.

Mwezi woyamba K60,000 inalimo mu akaunti, koma ikanachoka yonse pakhomo pakanagona njala. Ndiye wakatapila uja, mwaulemu wake wonse, akuti aphunzitsi musavutike, ndingochotsa yapamwamba yokha, K20,000, inayo tidzaonana mwezi wamawa. Amalume anafika kunyumba akumutama kuti ndi munthu womvetsa zinthu. Pa Khirisimasi anamupatsa tambala! Tambala wa agogo uja, wofiira, amene ankathamangitsa ana. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi, yapamwamba yokha. Wachitatu chimodzimodzi. Tsopano werenga wekha, poti masamu unakhoza: K20,000 kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi K240,000. Anabweza kasanu ndi kamodzi ndalama imene anatenga, koma m'kabuku ka munthu uja munalembedwabe K40,000, osachoka ngakhale tambala... tambala wa ndalama ndikunena, wa nthenga anali atadyedwa kale.

Kenako akazi awo anaganiza nzeru, ndipo inali nzeru yabwino, ndisawanamizire. Anati tikatenge K60,000 ku banki mkhonde, kumene chiwongoladzanja chinali 20 peresenti pa mwezi, tikatseke katapila. Kuchoka pa 50 kufika pa 20, palibe angatsutse. Vuto linali tsiku. Gulu linkakumana Lachisanu madzulo, wakatapila ankapezeka Lolemba. Ndalama inagona m'nyumba masiku atatu. Loweruka mwini golosale anamva kuti kwa aphunzitsi kwagwa kanthu, anabwera ndi kabuku kake. Lamulungu kunali chopereka chapadera, ndipo amalume ndi munthu woti sangadutse kutsogolo ndi ndalama yasiliva. Madzulo ake kunabwera uja wa njerwa. Pofika Lolemba m'thumba munali K35,000. Wakatapila anailandira bwinobwino, n'kuchotsa K20,000 yapamwamba, yotsalayo anawabwezera m'manja, akuti thunthu, ndalama yeniyeni imene anakongola ija, salandira mwapang'onopang'ono, likhale lonse kapena ayi. Ukuona? Kuchokera tsiku limenelo ngongole zinakhala ziwiri, K20,000 uku, K12,000 uku, mwezi uliwonse, popanda chotsika.

Disembala itakwana, nthawi yogawana ku banki mkhonde, azimayi anabwera gulu lonse, n'kukhala pakhonde osalankhula zambiri. Malata a amalume anatuluka, kulipira ngongole ya gululo, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. N'chifukwa chake nyumba ya kumtunda inakhala zaka zija ili ndi udzu mbali imodzi. Katapila ndiye anatsekedwa ndi mayi ako. Anagulitsa mbuzi zitatu, n'kunyamula K60,000 yokwana pa nsonga ya chitenje, kupita okha, kukhala pakhomo pa munthuyo mpaka anatulutsa khadi. Tsiku lomwelo anawaperekeza amalume ku banki kukasintha nambala yachinsinsi.

Chabwino, tibwere kwa iwe. Sindikudziwa kuti umalandira zingati, ndipo usanene m'gulu muno, ena angayambe kukonza mapulani. Koma usamawerengere ndalama yolembedwa pa kalata yokulemba ntchito. Yang'ana pansi pa payslip. Pachoka msonkho wa pa malipiro, PAYE ya MRA, pachoka 5 peresenti ya penshoni, abwana amawonjezera 10 peresenti yawo koma imeneyo suigwira panopa. Tinene kuti yofika m'manja ndi K320,000. Lendi, poti mukugawana nyumba awiri, K70,000. Minibasi K50,000. Chakudya ndi makala K90,000. Mayunitsi a magetsi ndi madzi K20,000. Bandulo K15,000, ngakhale iwe ndikudziwa imaposa, zithunzi za gauni zija mpaka lero ukuzisinthabe pa status. Kumudzi K20,000. Zonsezi ndi K265,000. Yotsala K55,000.

Tsopano ndiyerekeze ngongole, ukanditsutsa unditsutse kumbali. Katapila K80,000 pa 50 peresenti, yapamwamba ndi K40,000 pa mwezi. Ina K60,000 pa 20 peresenti, yapamwamba K12,000. Pamodzi K52,000. Pa K55,000 ija yatsala K3,000. Ndiye app idzakuuza chiyani? Idzakujambulira kabwalo ka mitundumitundu kosonyeza kuti ulibe ndalama, zimene ukuzidziwa kale. Sindinawerengeko za mnzako amene anakubwereka ya dipoziti ya nyumba, kangongole ka pafoni monga Kutchova, ndi Pasavute kapena Kutapa amene amakudya ukangothira mayunitsi.

Chimene ndikufuna umve ndi ichi. Ngongole siitha ndi kulipira yapamwamba, imatha ukagwetsa thunthu, ndipo uyambe ndi thunthu la imene ikudya kwambiri pa mwezi. Basi. Zina zonsezi ndi nthambi.

Tenga pepala, la m'kope lenileni. Ngongole iliyonse mzere wake: mwini wake, thunthu latsala zingati, chiwongoladzanja chingati, tsiku lobweza, ndiponso chimene anakugwira, kaya khadi, kaya chiphaso cha unzika, kaya laputopu. Pa chiwongoladzanja paja lemba bwino kuti ndi pa mwezi kapena pa chaka, chifukwa apa ndi pamene anthu ophunzira amagwera. Banki ikanena 36 peresenti munthu amadzidzimuka, wakatapila akanena 50 amati sizikusiyana kwenikweni. Ya banki ndi pa chaka, ndiye ndi 3 peresenti pa mwezi. Pa K120,000 yokwanira kutsekera katapila uja ndi K3,600 mwezi woyamba, pamene katapila wa K80,000 akukudya K40,000. Ndalama za ku banki n'zodula inde, mu 2024 Reserve Bank inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika 26 peresenti ndipo mabanki amaika zawo pamwamba pake, komabe sizifika n'komwe pa katapila.

Ukatha kulemba, yoyamba pa mndandanda ndi imene ili ndi peresenti yaikulu pa mwezi, osati imene mwini wake amaimba foni kwambiri. Zinazo uzilipira kochepa kololedwa kuti zisakule, ndalama ina yonse ipite pa imodziyo. Katapila wa K80,000 amafuna K120,000 pa kamodzi kuti afe. Uli ndi K55,000. Yapamwamba ya inayo K12,000, watsala ndi K43,000. Ukusowa K77,000. Imeneyi ndiyo nambala yoti uzigona nayo, osati mawu akuti ndili m'mavuto. K77,000 imapezeka. Spika ija imene unabwera nayo ku chinkhoswe igulitsidwe. Za kumudzi uimike miyezi iwiri, koma uwaimbire mayi ako uwauze chifukwa chake, osangozima foni. Munthu amene anagulitsa mbuzi zitatu amvetsa msanga kuposa aliyense. Nkhomaliro uzinyamula kunyumba mwezi umenewu. Funsa ku ofesi ngati amapereka advance, gawo la malipiro lolandiriratu mwezi usanathe, malo ambiri saikapo chiwongoladzanja.

Nanga kukongola kwina kuti utseke katapila? Poti ndi zimene umafuna kufunsa azakhali zija... Zimatheka, koma kumbukira Lachisanu la amalume. Tenga ndalama yokwanira ndendende kutsekera, osawonjezerapo ya nsapato. Uilandire ndi kuipereka tsiku lomwelo, isagone m'nyumba. Pita ndi mboni, munthuyo alembe kuti zatha, utenge khadi lako, usinthe nambala yachinsinsi usanakwere minibasi. Ukamafunsa ngongole ku banki kapena ku makampani okongoza aja, usafunse peresenti yokha. Funsa kuti ilowa mu akaunti ndi zingati, chifukwa amachotseratu ya mafomu ndi inshuwalansi, ndiye ukapempha K120,000 imafika yoperewera. Funsanso kuti pomaliza penipeni udzakhala utabweza zingati zonse pamodzi, ndiponso ngati chiwongoladzanja amawerengera pa ndalama yotsala kapena pa yonse imene unatenga pachiyambi. Yachiwiriyi imaoneka yotsika pa pepala koma ndi yodula, chifukwa umalipirabe pa ndalama imene unabweza kale. Komanso ngati sanakutsimikizire ntchito, ukadali pa miyezi yoyeserera, mabanki ambiri sakuyang'ana n'komwe. SACCO, bungwe la mamembala losunga ndi kukongoza ndalama, ndi yabwino, koma amafuna uyambe wasunga masheya miyezi ingapo, ndiye imeneyo ndi ya chaka chamawa. Lowa panopa ndi kochepa.

Aaa, ndimaiwala. Ya Loans Board. Ija inakulipirira fizi. Bungwe limeneli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, ndipo ngongole yake imayamba kubwezedwa pakatha zaka ziwiri munthu atamaliza maphunziro. Anzako akuuza kuti ndi ya boma, siibwezedwa. Akale anati mlandu suwola. Pa pepala lako ikhale pansi chifukwa si imene ikukuotcha lero, koma ilembedwe. Uwafunse kuti ndalama yako yonse ndi zingati, udziwe mwezi umene iyambe, kuti tsiku limene azidzadula ku malipiro lisadzakupeze utadzaza kale payslip ndi ngongole ya sofa. Ndipo dzina likaipa ku credit reference bureau, kumene mabanki amayang'ana asanakongoze munthu, udzavutika nthawi imene ukufuna ngongole ya chinthu chenicheni, monga malo.

Za bajeti yeniyeniyo ndi zochepa. Tsiku lolandira lomwelo lipira lendi, gula mayunitsi, gula ufa, mafuta, nyemba, sopo za mwezi wonse, pereka ya ngongole. Yotsala uigawe panayi, sabata iliyonse gawo lake, uzitapa kamodzi pa sabata. Kutapa K5,000 lero, K3,000 mawa kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, ulendo uliwonse pali chodula, ndipo ndalama yotapa pang'onopang'ono siidziwika kumene yapita. Ukatseka katapila, K40,000 imene inkapita kumeneko usaione ngati akukwezera malipiro. Ipite yonse pa ngongole yachiwiri, ya K60,000 ija ifa m'miyezi iwiri. Kenako ya mnzako, ndipo ameneyo umuuze tsiku lenileni, wakhala chete mokwanira. Zikatha, K10,000 pa mwezi uziika pambali ya matenda ndi maliro, chifukwa K15,000 ya amalume ija inabwera ndi maliro, si mowa ayi, ngakhale ena m'gulu muno amanena zina.

Ndiye ndibwereze, poti ndikudziwa ukumvera uku ukusewera bawo ya pafoni. Yapamwamba usaiyese kubweza ngongole, ndi lendi ya ndalama ya mwini wake. Peza imene ikudya kwambiri pa mwezi, sonkhanitsa thunthu lake lonse, ukapereke pa kamodzi, khadi libwerere m'thumba mwako.

Azakhali, ndaona mwalemba kuti mumulowetsa m'gulu lanu. Dikirani kaye, pepala lisanalembedwe musamupatse kanthu. Msuweni, wamva? Thunthu la yodula kwambiri, kamodzi, tsiku limodzi, ndi mboni. Ujambule pepalalo unditumizire kumbali Lachisanu lisanafike, osabisa mzere ngakhale umodzi, ndi ya foni yomwe. App ija... kope la masamu limakwana, lili ndi timabokosi kale. Wamakala wafika pageti, ndipite asanadutse.