Funsani za Ziweto: PCV 21, nkhosa zanga zili bwino?

FUNSO: Ndili ndi nkhosa 14 kuno ku Ngabu, ndimaweta mwa organic, sindizipatsa mankhwala aliwonse, zimangodya msipu ndi masangwe a nyemba basi. Alangizi a ziweto anatenga magazi a nkhosa zitatu ndiye pepala labwera ati PCV (muyezo wa maselo ofiira m'magazi) ya imodzi ndi 21 pomwe pambali alemba 27 mpaka 45, koma neba wanga akuti manambala amenewo ndi a nkhosa za azungu zodya chakudya cha m'thumba, zathuzi sizikhudzidwa. Zoona?
Mlimi wa ku Ngabu

YANKHO: Bambo, aneba anuwo akunena zoona pang'ono chabe. Manambala apambaliwo ambiri anawapeza poyeza nkhosa zathanzi za kunja, ndipo mtundu wa nkhosa, msinkhu, bere ndi nyengo zimawasuntha ndithu. Kuno kuchigwa kutentha kwa Okutobala kumapusitsanso, nkhosa ikasowa madzi magazi amakhuthala PCV nkukwera, olo mwaithamangitsa khola lonse musanaigwire imakweranso kwa kanthawi. Ndiye 26 kapena 28 sindingatekeseke nayo.

Koma 21 ayi. PCV ndi gawo la magazi lomwe ndi maselo ofiira, ndipo organic siisintha magazi a nkhosa mpaka kutsika chonchi, apa pali chomwe chikuyamwa magazi. Woyamba kumukayikira ndi nyongolotsi ya m'chifu ija Haemonchus, imachuluka mvula ikagwa kukutentha ngati kwathu kuno, ndipo ngati mumadyetsa kumadambo cha ku Elephant Marsh onjezerani ya m'chiwindi yomwe imadzera mu nkhono za m'madzi. Tsitsani chikope cham'munsi muone mkati, kukhale kofiira, kukakhala kotuwa ngati pepala zinthu zavuta. Njirayi amaitcha FAMACHA, inayambira ku South Africa, khadi lake lili ndi mitundu 1 mpaka 5. Gwiraninso pansi pa chibwano ngati patupa. Papepala lomwelo onani hemoglobin (chomwe chimafiiritsa magazi), ya nkhosa imakhala 9 mpaka 15.

Ndiye apempheni alangizi ayeze ndowe, akapeza mazira a nyongolotsi imwetseni mankhwala nkhosa imeneyo ndi zina zotuwa maso, zofiira bwino zisiyeni. Malamulo a organic saletsa kuchiza chiweto chodwala, chomwe amafuna ndi kudikira nthawi yotalikirapo musanaphe kapena kugulitsa. Ngati ili ndi bere laling'ono muwauziretu, mankhwala a nyongolotsi a albendazole si abwino pamenepo. Pakatha masabata atatu kapena anayi ayezenso magazi tione ngati 21 uja wakwera.